Mmene Mungapezele wa Fiziyo Pogwilitsila Nchito NHIMA

Pa miyezi yapitayi takhala tikulandila funso limodzi-modzi kucokela ku mipingo yosiyana-siyana. Wodwala amutulutsa m'cipatala, ndipo pa pepala lake alembapo kuti azipita ku fiziyo. Banja lifika kunyumba n'kuyamba kufunsana: fiziyo ili kuti, ndipo kodi NHIMA idzalipila?

Mu mpingo wina, amai ena anadwala sitroko ndipo dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafooka. Ana awo anamva kwa aneba kuti fiziyo imapezeka cabe ku zipatala za private ndipo ndi yodula. Conco anawasunga m'nyumba miyezi 3, akuyembekezela kuti ndalama zipezeke. Pamene anafika kwa wa fiziyo, zala zinali zitafumbata ndipo pheŵa linali litauma. Nthawi yonseyo, pa payslip ya amuna awo anali kudulapo ndalama ya NHIMA mwezi ulionse. Cimene cinasoŵa pa banjalo si ndalama ayi, koma munthu wowauza njila. N'cifukwa cake tasonkhanitsa mfundo izi pamalo amodzi, kuti muzisunge ndi kuuzako ena.

Fiziyo n'ciyani?

Fiziyo ndi dzina lacidule la physiotherapy. Ndi cithandizo ca cipatala cothandiza thupi kuti libwelele pa kuyenda, kugwila zinthu, kupuma bwino ndi kudzisamalila lokha. Wa fiziyo sacita opaleshoni, ndipo nchito yake yaikulu si kupeleka mapilisi. Amapima mmene minofu, mitsempha ndi molumikizila mafupa zikugwilila nchito, kenako amakonza maseŵela olimbitsa thupi oyenelela vuto la munthuyo. Nthawi zina amagwilitsila nchito manja ake, zofunditsa, madzi oundana kapena makina a magetsi ocepetsa ululu. Amaphunzitsanso wodwala kuyendela ndodo, kukhala pa wilicheya, ndi kucoka pabedi popanda kugwa.

Fiziyo si masaji a m'malo okonzela tsitsi ndi zikhadabo, ndiponso si kuthoŵa kwa kunyumba. Wa fiziyo ndi munthu amene anaphunzila za umoyo. Muno mu Zambia, Evelyn Hone College imaphunzitsa dipuloma ya nchitoyi, ndipo University of Zambia imapeleka digili. Akatsiliza maphunzilo, afunika kulembedwa m'kaundula wa Health Professions Council of Zambia, bungwe limene ambili amalidziŵa kuti HPCZ.

Anthu amene madokotala amatumiza kaŵili-kaŵili ku fiziyo ndi aŵa:

- amene anadwala sitroko, kapena amene nkhope yapotoka mbali imodzi
- amene anathyoka fupa, akacotsedwa pulasita kapena akaikidwa zitsulo
- odwala msana, khosi, maondo ndi nyamakazi
- ovulala pa ngozi za pamsewu, maka-maka ovulala msana kapena mutu
- amene anapsa ndi moto, kuti khungu pocila lisakoke zala, cigongono kapena khosi
- amene anadulidwa mwendo cifukwa ca shuga kapena ngozi
- amene anagona nthawi yaitali m'cipatala, kapena amene ali ndi makhololo ovuta kutuluka pambuyo pa cibayo kapena TB
- azimai amene mkodzo umadontha pambuyo pa kubeleka
- ana amene acedwa kukhala, kukwawa kapena kuyenda, ndi ana obadwa ndi phazi lopindikila m'kati

Zizindikilo zimene sizifuna kudikila fiziyo

Pali mavuto ena amene afunika dokotala tsiku lomwelo. Musayambe kufuna wa fiziyo ngati mwaona izi:

- Mwadzidzidzi kamwa yapotoka, dzanja kapena mwendo wafooka, kapena mau sakumveka bwino. Iyi ingakhale sitroko, ndipo ola lililonse ndi lofunika.
- Msana ukuŵaŵa ndipo munthu wacita dzanzi pakati pa miyendo, kapena akulephela kusunga mkodzo ndi cimbudzi, kapena mkodzo sukutuluka.
- Msana ukuŵaŵa kwa milungu, thupi likutentha, munthu akutuluka thukuta usiku ndi kuonda. TB imagwilanso fupa la msana.
- Mwendo umodzi watupa ku katumba, ukutentha ndi kuŵaŵa, maka-maka kwa munthu amene wakhala cigonele. Musautikite, cifukwa mungakhale magazi oundana.
- Wovala pulasita akumva ululu woonjezeleka, zala zatupa, zazizila kapena zasintha mtundu.

Zotele pitani nazo ku cipatala msanga. Fiziyo idzabwela pambuyo pake.

NHIMA mwacidule

NHIMA ndi National Health Insurance Management Authority, bungwe la boma loyendetsa inshuwalansi ya zaumoyo. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la National Health Insurance Act, nambala 2 la caka ca 2018. Kusonkha kunayamba mu October 2019, ndipo mamembala anayamba kulandila cithandizo mu February 2020.

Munthu wolembedwa nchito amadulidwa 1 pelesenti ya malipilo ake a basic, ndipo abwana ake amaikapo 1 pelesenti inanso. Mwacitsanzo, ngati basic ndi K4,000, wanchito amasonkha K40 ndipo abwana K40, zonse pamodzi K80 pa mwezi. Alimi, amalonda a m'misika, okhoma mipando, oyendetsa njinga zamoto ndi ena odzilemba okha nchito amalembetsa okha, ndipo amasonkha molingana ndi zimene amapeza. Membala angalembetsenso mkazi kapena mwamuna wake ndi ana osafika zaka 18 amene akuwasunga.

Lamuloli linapatula anthu ena kuti asamasonkhe: okalamba opitilila zaka 65, olemala amene sangathe kugwila nchito, ndi osauka amene boma linawalemba kuti ndi ovutika. Koma kupatulidwa sikutanthauza kuti dzina lili kale mu kompyuta. Ambuye athu okalamba nawonso afunika kulembetsedwa, ndipo ndi bwino kucita zimenezi akali bwino, osadikila tsiku la matenda.

Mfundo yaikulu pa nkhani yathu ndi iyi: fiziyo ili pa mndandanda wa zithandizo zimene NHIMA inalonjeza mamembala ake, pamodzi ndi kuonana ndi dokotala, mankhwala, opaleshoni, ucembele, mano ndi maso. Koma NHIMA imalipila kupitila ku cipatala kapena malo amene inawavomeleza. Siipatsa wodwala ndalama m'manja kuti akafune yekha womuthandiza. Conco funso loyenela si lakuti, "Ndi wa fiziyo uti amene alandila NHIMA?" Funso ndi lakuti, "Ndi cipatala citi ca pafupi cimene NHIMA inavomeleza, ndipo cili ndi cipinda ca fiziyo?"

Njila yotsatila

1. Onani ngati umembala wanu uli moyo. Apa ndi pamene mabanja ambili amakhumudwila. Kuona kuti ndalama yadulidwa pa payslip si umboni wakuti yafika ku NHIMA, cifukwa abwana ndiwo afunika kuitumiza mwezi ulionse. Pitani pa desiki ya NHIMA pa cipatala, ku ofesi ya NHIMA, kapena loŵani pa webusaiti yawo, ndipo onani ngati zopeleka zanu zonse zilipo. Ngati mumasonkha nokha ndi mobile money, musafute mauthenga a pa foni otsimikizila kuti mwalipila. Ngati mwangolembetsa kumene, funsani tsiku limene mudzayamba kulandila cithandizo ndipo mulilembe.

2. Onani ngati wodwalayo analembedwa pansi pa dzina lanu. Khadi ya atate siithandiza mwana amene sanalembetsedwe. Dzina ndi tsiku lobadwa zifunika kufanana ndi zimene zili pa NRC kapena pa pepala la kubadwa. Cilembo cimodzi colakwika cingakubwezeni pa desiki.

3. Pezani kalata ya referral. Ngati wodwala anagonekedwa, pemphani kalatayo musanatuluke mu wodi, ndipo ngati n'kotheka pitani ku cipinda ca fiziyo tsiku lomwelo kuti akulembeni m'buku. Ngati vuto layambila kunyumba, yambilani pa kiliniki ya kwanu. Kuyambila mu 2012, cithandizo ca pa makiliniki a boma ndi caulele m'dziko lonse, ndipo kumeneko ndi kumene adzakulembelani kalata yopita nayo ku cipatala ca boma lanu. Zipatala zikulu-zikulu zimafuna kalatayi. Mukalumpha kiliniki, angakubwezeni kapena kukulipilitsani.

4. Funsani pa desiki ya NHIMA. Zipatala zovomelezeka zimakhala ndi desiki kapena windo la mamembala a NHIMA. Onetsani khadi kapena nambala yanu, NRC ndi kalata ya referral, ndipo kambani momveka kuti mwatumizidwa ku fiziyo. Funsani ngati pafunika cilolezo ca NHIMA cithandizo cisanayambe, ndiponso kuti alola kubwela kangati musanafunike kalata ina.

5. Tengani tsiku ndi ola. A fiziyo ndi ocepa poyelekeza ndi odwala, conco m'zipatala zambili amapatsa masiku. Funsani ngati pali tsiku lapadela la odwala sitroko kapena la ana, ndipo pemphani kuti akuonetseni zocita kunyumba pamene mukudikila.

Kodi fiziyo imapezeka kuti?

Makiliniki ang'ono-ang'ono ambili alibe wa fiziyo. Cithandizoci cimayambila maka-maka pa cipatala ca boma kupita m'mwamba.

Mu Lusaka, ambili amathamangila ku UTH, koma si kokhako. Levy Mwanawasa University Teaching Hospital ilinso ndi fiziyo, ndipo zipatala za m'makomboni monga Chilenje, Chawama, Kanyama, Matero ndi Chipata zinakwezedwa kuti anthu azithandizidwa pafupi ndi kwawo. Kwa munthu amene afunika kubwela kaŵili pa mlungu kwa miyezi 3, cipatala coyandikila cimaposa cipatala ca dzina lalikulu.

Kum'maŵa, cipatala cacikulu ndi Chipata Central Hospital, ndipo St Francis ku Katete yakhala ikuthandiza ovulala mafupa kwa zaka zambili. Kulinso Kalindawalo General Hospital ku Petauke, zipatala za maboma monga Lundazi ndi Nyimba, ndi zipatala za mishoni monga Mwami, Nyanje ndi Kamoto. Zipatala za mishoni zimagwila nchito pamodzi ndi boma kupitila mu Churches Health Association of Zambia, imene inayamba mu 1970. Musanakwele motoka ulendo wautali, pemphani a nasi a pa kiliniki yanu kuti akuuzeni cipatala ca pafupi cimene cili ndi wa fiziyo pa nthawi ino, cifukwa anchito a zaumoyo amasamutsidwa.

Ku Copperbelt kuli Ndola Teaching Hospital, Kitwe Teaching Hospital ndi cipatala ca ana ca Arthur Davison ku Ndola. Ku Kabwe, ku Livingstone ndi m'malikulu a zigawo zina, yambilani pa cipatala cacikulu ca boma.

NHIMA imaika mndandanda wa malo ovomelezeka pa webusaiti yake. Mndandandawu umasintha, cifukwa ena amaonjezedwa ndipo ena amacotsedwa. Pepala limene munaona caka catha pa WhatsApp musalidalile.

Zipatala za private

Zipatala zina za private zinavomelezedwa ndi NHIMA, ndipo mizele yake imakhala yaifupi. Koma pali zofunika kusamala. Cikwangwani ca NHIMA pa geti sicitanthauza kuti ciliconse cocitika m'katimo NHIMA imalipila. Malo ena anavomelezedwa pa za mano cabe, ena pa za maso, ena pa mankhwala kapena zopima-pima. Conco tumani foni kapena tumani munthu akafunse mafunso aŵa:

- Kodi muli ndi wa fiziyo, ndipo amapezeka masiku ati?
- Kodi fiziyo ya pano NHIMA imalipila pa nthawi ino?
- Kodi mufuna kalata ya referral yocokela kuti?
- Kodi pali ndalama ina imene tidzaonjezela, ndipo ndi ya ciyani?

Lembani dzina la amene wakuyankhani ndi tsiku. Safunsa anadya phula.

Pali a fiziyo ena amene amabwela kunyumba akaŵeluka ku nchito. Kwa wodwala amene sangakwezedwe m'motoka, ici ndi cithandizo cacikulu. Koma dziŵani kuti pangano lotele ndi la pakati pa inu ndi iye. Ndalama yake idzacoka m'thumba lanu, ndipo musaŵelengele kuti NHIMA idzakubwezelani. Gwilizanani mtengo musanayambe, ndipo lembani masiku amene wabwela.

Kudziŵa wa fiziyo weniweni

Pamene pali odwala osoŵa cocita, pamabwelanso ofuna kudyelapo. Pali anthu amene amayenda m'makomboni ndi m'midzi ndi makina ogwedeza thupi, mafuta opaka ndi mabotolo a mankhwala odula, n'kumadzicha madokotala. Wa fiziyo weniweni ali ndi setifiketi ya HPCZ imene amaikonzanso caka ndi caka, ndipo malo amene agwililapo nchito ali ndi laisensi ya HPCZ. Kupempha kuona mapepalawa si mwano. Akatswiliwa alinso ndi bungwe lawo la Zambia Society of Physiotherapy.

Khalani osamala ngati munthu akulonjeza kuti wodwala sitroko adzayenda m'milungu iŵili, ngati akukuuzani kuti muleke mankhwala a BP kapena a shuga, ngati sakufunsa mbili ya matenda kapena kuona mapepala a ku cipatala, kapena ngati akufuna ndalama ya miyezi ingapo asanayambe nchito. Wa fiziyo woona amayamba wapima, amafotokoza zimene wapeza, ndipo salonjeza zimene sangazidziŵe.

Zonyamula pa tsiku loyamba

- khadi kapena nambala ya NHIMA, ndi NRC ya membala ndi ya wodwala
- kwa mwana, khadi ya ku sikelo kapena pepala la kubadwa
- kalata ya referral ndi pepala lotulukila m'cipatala
- zithunzi za X-ray kapena sikani, ndi zotsatila za magazi ngati zilipo
- mankhwala onse amene wodwala akumwa, m'mapaketi ake
- zovala zotakasuka ndi nsapato zafulati zogwila bwino phazi. Azimai angavale buluku kapena kabudula m'kati mwa citenje
- kabuku ndi bopeni
- munthu mmodzi amene amakhala ndi wodwala tsiku ndi tsiku

Cotsilizaci n'cofunika kwambili. Musatume mwana wa sukulu lelo, mlamu mlungu wamaŵa, ndi neba mlungu winawo. Amene amasambika wodwala ndi kumudzutsa ndiye afunika kuona ndi maso ake mmene wa fiziyo amugwilila.

Zimene zimacitika m'cipinda ca fiziyo

Tsiku loyamba limatenga nthawi cifukwa ndi la kupima. Adzafunsa mmene vuto linayambila, matenda ena amene alipo, nchito imene munthu amagwila ndi mmene pakhomo palili: kodi cimbudzi cili panja, ndi cokhala kapena conjuta, pali masitepu, wodwala amagona pabedi kapena pamphasa? Yankhani zoona, cifukwa maseŵela amakonzedwa molingana ndi moyo wanu. Uzani wa fiziyo cimene mufuna kubwelelako, kaya ndi kulima, kupalasa njinga, kuphika kapena kuyenda kupita ku chalichi.

Musanatuluke, funsani izi: Vuto lenileni n'ciyani? Tizibwela kangati, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji? Tizicita ciyani kunyumba, kangati pa tsiku? N'ciyani cimene sitifunika kucita? Tikaona zotani tibwele msanga? Ngati simunamve Cingelezi ca m'cipatala, pemphani kuti akufotokozeleni m'Cinyanja. Ngati wa fiziyo alola, jambulani maseŵelawo pa foni kuti mukaonelepo kunyumba.

Kumva kuti minofu yatopa kapena yakokeka pang'ono n'kwacibadwa. Koma ululu wobaya, cizungulile kapena kubanika si zofunika kupilila. Kambani pomwepo. Ndiponso mai amene angamasuke bwino ndi wa fiziyo wamkazi, kapena amene afuna kuti wacibale akhalepo, ali ndi ufulu wopempha.

Ndalama zimene zidzacokabe m'thumba

Ngakhale cithandizo cilipilidwe ndi NHIMA, ulendo sulipilidwa. Munthu amene sangakwele minibasi afunika takisi popita ndi pobwela, ndipo wompelekeza amataya tsiku la nchito kapena la malonda. Ici ndiye cimalekeletsa ambili pakati pa njila. Ŵelengelani ndalamazi poyamba, ndipo muuzeni wa fiziyo poyela ngati simungathe kubwela kaŵili pa mlungu. Angakonze kuti muzibwela patali-patali ndi kukupatsani zambili zocita kunyumba. Ici cimaposa kungosoŵa osalaila.

Za zipangizo monga ndodo zoyendela, zomangila msana ndi miyendo yopanga, funsani pa desiki ya NHIMA musanagule. Zina zili pa mndandanda wa NHIMA koma zimafuna cilolezo coyamba. Musagule wilicheya kapena ndodo wa fiziyo asanapime wodwala. Ndodo zazitali kwambili zimapweteka mitsempha ya m'khwapa, ndipo wilicheya yosayenela thupi imabweletsa zilonda.

Ngati munthu anavulala ali pa nchito, uzani abwana mwamsanga, cifukwa nkhani zotele zimapita ku Workers' Compensation Fund Control Board. Ngati ndi ngozi ya pamsewu, sungani lipoti la apolisi ndi malisiti onse. Ndipo ngati kulemala kudzakhalitsa, lembetsani ku Zambia Agency for Persons with Disabilities, imene imagwila nchito pansi pa lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012, kuti munthuyo akhale ndi khadi yake.

Mukabwezedwa pa desiki

Musakalipile kalaliki, ndiponso musangobwelela kunyumba mwakacetecete. Funsani cifukwa ceniceni. Kambili cimakhala cimodzi mwa izi: zopeleka zili m'mbuyo, wodwala sanalembedwe pansi pa membala, dzina silikugwilizana, kalata ya referral palibe, netiweki yagwa, kapena malowo sanavomelezedwe pa fiziyo. Ciliconse mwa izi cili ndi kokonzela kwake. Ngati vuto lili kwa abwana, tengani mapayslip anu mupite nawo ku ofesi ya NHIMA. Ngati akuuzani kuti mulipile, funsani kuti ndalamayo ndi ya ciyani ndipo tengani lisiti ya cipatala. Musapeleke ndalama m'manja mwa munthu pa kona.

Madandaulo a za inshuwalansi amapita ku NHIMA. Madandaulo a khalidwe la wanchito wa zaumoyo amayambila kwa akulu a cipatalaco, ndipo akalephela kuthetsa amapita ku HPCZ. Lembani tsiku, malo ndi zimene zinacitika.

Ngati simuli membala wa NHIMA, musaganize kuti citseko catsekeka. Zipatala za boma ndi za mishoni zimathandizanso anthu amene si mamembala. Pitani ndi kalata ya referral, funsani mtengo wa mbali ya low cost, ndipo ngati simungakwanitse pemphani kuonana ndi a social welfare a pa cipatala. Yambani cithandizo, uku mukukonza za umembala.

Za ana

Kwa ana, nthawi ndi yamtengo wapatali kopambana. Ngati mwana wafika miyezi 4 khosi lisanalimbe, miyezi 9 asanakhale yekha, kapena miyezi 18 asanayende, kambani ndi a nasi ku sikelo ndipo pemphani kuti apimidwe. Citani cimodzi-modzi ngati thupi lake ndi louma gwa kapena lofooka kwambili, kapena ngati dzanja limodzi siligwedezeka kucokela pa kubadwa. Mavuto otele angabwele cifukwa ca kubadwa movutikila, cikasu camphamvu m'masiku oyamba, malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi. Si tembelelo, ndipo si mlandu wa amai ake. Mwana wotele asabisidwe m'nyumba.

Phazi lopindikila m'kati limawongoleka bwino cithandizo cikayamba m'milungu yoyamba ya moyo. Amaika pulasita ndi kuisintha mlungu ulionse kwa milungu ingapo, kenako mwana amavala nsapato zolumikizidwa ndi kacitsulo, poyamba usana ndi usiku, pambuyo pake pogona cabe mpaka zaka 4 kapena 5. Makolo akaleka nsapatozi msanga, phazi limabwelela. Mu Lusaka muli Beit CURE Hospital, imene inatsegulidwa mu 2006 ndipo imathandiza ana a mavuto a mafupa popanda kulipilitsa makolo.

Nchito yaikulu ili kunyumba

Wa fiziyo amaona wodwala mwina ola limodzi pa mlungu. Maola ena onse ali m'manja mwa banja. Pambuyo pa sitroko, thupi limabwelela mofulumila kwambili m'miyezi 3 mpaka 6 yoyamba, ngakhale kuti kusintha kumapitiliza pambuyo pake. N'cifukwa cake tikukamba kuti musadikile.

Zocepa izi n'zofunika kwa alionse odwazika. Musadzutse wodwala mwa kukoka dzanja lofooka, cifukwa pheŵa limaguluka mosavuta. Liikeni pa pilo akakhala kapena akagona. Amene sangathe kudzitembenuza yekha, mutembenuzeni pa maola aŵili alionse ndipo onani khungu la m'ciuno, m'matako ndi ku zidendene tsiku lililonse. Musaike botolo la madzi otentha kapena mbaula pafupi ndi ciwalo ca dzanzi, cifukwa adzapsa osamva. Musateme mphini pa ciwalo cofooka, maka-maka kwa wodwala shuga amene zilonda zake zimacedwa kupola. Podya akhale tsonga, ndipo ngati amatsamwa uzani a cipatala. Mankhwala a BP ndi a shuga apitilize monga mmene dokotala anakambila.

Ndiponso, musamucitile zonse. Cifundo cimatikakamiza kumudyetsa ndi kumuveka kuti asavutike, koma dzanja limene silipatsidwa nchito silibwelela. Mulekeni agwile kapu yekha ngakhale madzi atayike. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimene mpingo ungacite

Timayendela odwala ndi mapemphelo, shuga ndi sopo, ndipo zimenezi zipitilize. Koma wodwala wa fiziyo amafunika cithandizo ca miyezi, pamene alendo a mlungu woyamba analeka kale kubwela. Tikupempha akulu a mpingo, madikoni, a Cigwilizano ndi acinyamata kuti aganizile zinthu izi.

Amene ali ndi motoka angasinthane masiku opelekeza wodwala ku cipatala. Mpingo ungasunge ndodo zoyendela ndi mawilicheya amene eni ake analeka kugwilitsila nchito, n'kumabweleketsa wa fiziyo akavomeleza kuti ndi zoyenela munthuyo. Akalipentala athu angakhome mitengo iŵili yogwilila pophunzila kuyenda, kapena mpando wa bowo woika pa cimbudzi, potsatila muyeso wa wa fiziyo. Wacinyamata wodziŵa foni angakhale pa thebulo pambuyo pa mapemphelo a pa Sondo ndi kuthandiza okalamba kuona ngati umembala wawo uli moyo. Azimai aŵili angakhale ndi wodwala masana amodzi kuti womusamalila agoneko kapena apite kumsika. Ndipo pa khomo la chalichi, tiyeni tione ngati munthu wa pa wilicheya angaloŵe popanda kunyamulidwa.

Pomaliza, ngati m'nyumba mwanu muli pepala lolembedwa kuti fiziyo ndipo lili m'cikwama kucokela tsiku lotuluka m'cipatala, litulutseni lelo. Onani umembala wanu, tengani kalata ya referral, ndipo pitani pa desiki ya NHIMA ya cipatala ca pafupi mlungu uno. Ngati simudziŵa poyambila, uzani mkulu wa mpingo wa dela lanu kuti akupezeleni wokupelekezani.